Chigalimoto chotchipa chimadyera m'thumba

Aliyense woyenda pakati pa mzinda wa South Bend ku Indiana Loweruka kapena Lamulungu, pomwe a kwathu atuluka m'tchalitchi kapena asonkhana pa chinkhoswe, amaziona zitandandalikana: Chevrolet Tahoe, Suburban, GMC Yukon, Ford Expedition, Cadillac Escalade, zambiri mwa izo za zaka 15 kapena kuposerapo. Chomwe chimatikoka sichobisika. Kumudzi galimoto yotere ndi ya nduna, ya bwana wa bungwe kapena ya abusa a mpingo waukulu, ndiye munthu akaipeza pa Facebook pamtengo wa malipiro a miyezi iwiri amaona ngati mwayi wamugwera. Ine ndikuti mtengo wotsikawo ndi chenjezo. Wogulitsayo wawerengera kale zomwe zikubwera ndipo akufuna kuti ngongole ya kwa makaniko ikagwere wina. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa galimotozi nyererezo zimadziwika ndi mayina.

Tiyambe ndi mafuta, poti ndiwo samayembekeza kuti china chiwonongeke. Tahoe ya 2007 imayenda mamailosi pafupifupi 15 kapena 16 pa galoni imodzi ya petulo, pomwe Toyota Camry ya zaka zomwezo imayenda pafupifupi 25. Munthu woyenda mamailosi 12,000 pachaka, yemwe ndi wamba pakati pa ogwira ntchito yosamalira okalamba kapena m'mafakitale a ku Elkhart, adzathira magaloni 800 mu Tahoe koma 480 okha mu Camry. Tikati galoni ili pa madola atatu, kusiyanako ndi madola 960 chaka chilichonse, ndalama yomwe ikadalipira fizi ya mwana wa mlongo wake kapena kufoleretsa malata nyumba ya amayi. Ulendo umodzi wa pa US 31 kupita ku maliro ku Indianapolis ndi kubwerako umamwa magaloni pafupifupi 20. Galimoto ikamakalamba mtengo wake umagwa, koma ludzu lake silichepa, ndipo matayala ake akuluakulu aja sagulitsidwa motchipa poti mwini wake ndi wosauka.

Matenda a injini nawo ndi odziwika kwa makaniko aliyense wa m'dera lino. Kuyambira 2007, injini ya V8 ya malita 5.3 ya General Motors ya mu Tahoe, Suburban ndi Yukon idayamba kuzimitsa masilinda anayi mwa asanu ndi atatu pamene galimoto sikukoka kwambiri, pofuna kupulumutsa mafuta. Tizitsulo totchedwa lifter timene timagwira ntchitoyi timakanirira, injini n'kuyamba kugogoda ndi kumwa oyilo, ndipo kuti makaniko atifikire ayenera kuchotsa mutu wa injini. Ford Expedition ya pakati pa 2005 ndi 2008 ili ndi mbiri yakeyake: mapulagi ake amathyokera m'kati powamasula, kotero ntchito ya ola limodzi imasanduka ya tsiku lonse. Giyabokosi ya 4L60E ya mu Tahoe ndi Suburban zakale imatopa ndi kulemera kwa galimoto, makamaka ngati mwini wake woyamba ankakokera boti kapena kalavani, chinthu chomwe wogula wachitatu sangachidziwe. Escalade ndi Lincoln Navigator zimaonjezerapo mashoko a mpweya, omwe akaphulika galimoto imakhala chogwada kumbuyo ngati ng'ombe yodwala.

Koma mdani wamkulu kuno saoneka kwa munthu woimirira. South Bend ili pafupi ndi nyanja ya Michigan, yomwe imaithira chipale chofewa chochuluka nyengo yozizira iliyonse, ndipo misewu imawazidwa mchere kuti chisungunuke. Mcherewo umadya chitsulo cha pansi: chasisi, mapaipi a mafuta, ndi mapaipi a mabuleki. Bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, lidafufuza kuwola kwa mapaipi a mabuleki pa magalimoto akuluakulu a General Motors a 1999 mpaka 2003, ndipo mu 2015 lidatseka nkhaniyo osalamula kuti akonzedwe ulere. Lidangolangiza eni magalimoto akale m'madera a mchere kuti azitsuka kunsi kwake ndi kuyeza mapaipiwo. Kunena kwina, udindo ndi wa mwini. Chodabwitsa kwa Mmalawi wozolowera COF n'choti ku Indiana kulibe lamulo loti galimoto iziyezedwa chaka ndi chaka. Kuyeza utsi kokha ndiko kulipo, m'maboma awiri a Lake ndi Porter. Galimoto yoti kwathu akadaikaniza pepala, kuno ikhoza kugulitsidwa itapukutidwa bwino, mabuleki atatsala pang'ono kutha.

Ena adzati banja lathu ndi lalikulu, alendo satha, ndipo kukagwa chipale pamafunika galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Za banja n'zomveka, koma Toyota Sienna, yomwe imapangidwa konkuno ku Princeton, Indiana, imanyamula anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu ndi mafuta ochepa. Vuto lake n'loti siioneka yaubwana pa chithunzi chotumiza kumudzi. Za chipale ndiye pali kusamvetsa koopsa. Kukoka ndi matayala onse kumathandiza kunyamuka, osati kuima. Pa msewu woterera galimoto yolemera imafuna mtunda wautali kuti iime, ndipo yaitali msinkhu sichedwa kugubuduzika. Makina othandiza kuti galimoto isapotoloke ikaterereka adakhala okakamiza pa magalimoto onse kuyambira a 2012, choncho zina zakale zilibe. Camry yovekedwa matayala a nyengo yozizira imaima msanga kuposa Yukon ya matayala akutha.

Chitsutso champhamvu n'choti masipeya a Chevrolet ali ponseponse, a kaunjika adzaza m'malo ophwasulira magalimoto, ndipo msonkho wa pachaka ku BMV, ofesi yolembetsa magalimoto, umatsika galimoto ikamakalamba. Izi n'zoona, ndipo kwa munthu wokhala ndi galaja, zida, luso ndi galimoto ina yoyendera, Suburban yakale ikhoza kukhala yanzeru, makamaka ngati ali ndi katundu wokoka. Koma ndi angati mwa ife ali otero? Ambiri timakhala m'nyumba za lendi, momwe kukonzera galimoto pabwalo kuli kovuta, ndipo mwezi wa Januwale palibe angagone pansi pa galimoto panja. Mabasi a Transpo safika kulikonse ndipo sayenda usiku wonse, kotero galimoto ikagona masiku atatu kwa makaniko, mashifiti atatu apita. Onena kuti Toyota siifa akumbukire kuti mu 2016 kampaniyo idavomera kuthetsa mlandu wa madola pafupifupi 3.4 biliyoni wokhudza dzimbiri pa chasisi ya Tacoma ya 2005 mpaka 2010, Tundra ya 2007 ndi 2008, ndi Sequoia ya 2005 mpaka 2008.

Lamulo nalo silimuteteza kwenikweni wogula wotere. Lamulo la Indiana lobwezera galimoto yachilema limathera pa miyezi 18 kapena mamailosi 18,000 kuchokera pomwe idagulidwa yatsopano, ndipo yakale imagulitsidwa kawirikawiri "As Is", kutanthauza kuti ukangotuluka pageti zonse ndi zako. Amene akuumirirabe ayambe wapita nayo kwa makaniko wosankha yekha, aikweze m'mwamba, aone chasisi ndi mapaipi a mabuleki ndi maso ake, amvere injini idakali yozizira m'mawa, ndipo afufuze nambala ya VIN pa tsamba la NHTSA. Wogulitsa akakana kuti galimoto ikwezedwe, wogula atseke chikwama chake n'kumapita.