Nkhokwe Yako Ili pa Khomo la Eni

Anzanga amandiseka kuti ndine wachikale chifukwa ndimakana kusunga zolemba zanga pa "cloud". Ati mtambo! Abale, kumwamba kulibe kompyuta. Chimene akuchitcha mtambocho ndi makompyuta a eni ake, otsekeredwa m'zinyumba za Amazon, Google ndi Microsoft, ndipo kiyi sali ndi inu ayi.

Mu July 2009 a Amazon adalowa m'makina a Kindle a anthu amene adagula mabuku a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, nkuwafufuta popanda kupempha. Ndalama adabweza, inde, Jeff Bezos nkupepesa. Koma ife amene tidakula m'masiku a Censorship Board tikukumbuka kuti wodzalanda buku ankayamba wafika pakhomo, nkumuona nkhope. Awa sadagogode nkomwe.

Richard Stallman adayambitsa GNU mu 1983 kuti munthu azitha kugwiritsa ntchito pulogalamu mmene afunira, kuona mkati mwake, kuisintha ndi kugawira anzake. Tsono taonani ukathyali wake. Makompyuta ambiri a mtambowa amayendera Linux, pulogalamu yaufulu yomweyo. Koma laisensi ya GPL imakakamiza munthu kuulula zimene wasintha pokhapokha akagawira ena pulogalamuyo. Kampani ya mtambo sikugawirani kanthu. Imangokuonetsani zotsatira pawindo, mphika uli kwawo. Mpake kuti mu 2007 adachita kulemba laisensi ina, AGPL, yotseka mpata umenewu. Ufulu ulipo ndithu, koma akuudya ndi mwini kompyuta, osati inu.

Ena amati, "Iwe, nanga si nzosavuta? Foni ikabedwa zithunzi sizitayika." Sindikukana. Ngakhale tenanti pa esiteti ya fodya amapatsidwa nyumba ndi chimanga. Funso ndi lakuti: tsiku limene bwana wakwiya, amatuluka ndi chiyani?

Kafunseni ojambula a ku Venezuela. A Adobe adasiya kutulutsa Photoshop yatsopano yogula kamodzi mu 2013, nkuyamba yolipira mwezi ndi mwezi. Mu October 2019 adalengeza kuti atseka maakaunti onse a m'dzikomo potsata zilango za boma la America. Pambuyo pake adasintha maganizo, koma ndani adafunsa wojambula wa ku Caracas? Adalakwanji iye?

Ine ndizilembabe ndi LibreOffice, nkumasunga pa hard disk ziwiri, ina kwa mlongo wanga. Sekani.