Mpikisano wa mamita 50 ungatalikitse nthawi ya Chad le Clos m'madzi

Mu Epulo 2025, komiti yoyendetsa masewero a Olimpiki idalengeza kuti ku Los Angeles m'chaka cha 2028 kudzakhalanso mipikisano yosambira mamita 50 m'kasambiridwe ka butterfly, backstroke ndi breaststroke. Kwa osambira omwe zaka zawo zapitako, ngati Chad le Clos wa ku South Africa, chiganizochi chikutsegula khomo lomwe lidayamba kutsekeka.

Butterfly ndi kasambiridwe kotopetsa kwambiri. Wosambira amaponya manja onse awiri kutsogolo nthawi imodzi pamwamba pa madzi, uku miyendo ikumenya pamodzi. Pa mtunda wa mamita 200, thupi limafuna mpweya wambiri, ndipo mphamvu zotere zimachepa munthu akamakula.

Pa mtunda umenewu ndi pomwe Le Clos, yemwe adabadwira ku Durban m'chaka cha 1992, adatchukira. Ku London mu 2012, ali ndi zaka 20, adagonjetsa Michael Phelps wa ku America ndi masekondi 0.05 okha n'kupata mendulo ya golide. Ku Rio de Janeiro mu 2016 adapeza mendulo ziwiri za siliva, koma pa mamita 200 a butterfly adathera pa nambala 4. Ku Tokyo adakhala wachisanu, ndipo ku Paris mu 2024 sadapitirire ndime yoyamba ya mamita 100.

Zotsatirazi zikuonetsa kuti m'dziwe lalitali la Olimpiki, achinyamata adamupitirira. Komabe m'dziwe la mamita 25, momwe luso lotembenuka ndi kuthamanga pansi pa madzi limathandiza kwambiri, katswiriyu sadafooke msanga. Ku Doha mu 2014 adapambana mamita 50, 100 ndi 200 a butterfly, ndipo ku Melbourne mu Disembala 2022, ali ndi zaka 30, adatenganso golide pa mamita 100 ndi 200.

Mpikisano wa ku Melbourne womwewo udapereka phunziro lina. Nicholas Santos wa ku Brazil adapambana mamita 50 a butterfly ali ndi zaka 42. Izi zikusonyeza kuti mtunda waufupi, womwe umadalira nyonga ndi kunyamuka mwachangu, sutaya akuluakulu msanga.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina. Chida chachikulu cha Le Clos chidali kumaliza mwamphamvu pamene anzake atopa, monga momwe adachitira ndi Phelps. Pa mamita 50 a m'dziwe lalitali palibe kutembenuka, ndipo palibe nthawi yokonza cholakwa. Akafuna kukapikisana ku Los Angeles, komwe adzakhale ndi zaka 36, ayenera kusintha kakonzekeredwe kake kotheratu n'kulimbana ndi anthu omwe adazolowera mtunda umenewu kuyambira kale.