Pulagi ndi mboni ya injini

Alangizi ambiri m'midzi amadalira njinga zamoto zakale monga Honda CG125. Njinga ikayamba kumwa petulo wambiri, ena amathamangira kupotokola kabuleta mongoyerekeza. Chonsecho pulagi imaulula vuto lenileni.

Kuti petulo apse bwino, gawo limodzi la petulo limafuna magawo pafupifupi 15 a mpweya, potengera kulemera kwake. Yendetsani njinga makilomita angapo pa liwiro limodzi, gwirani kilatchi ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo. Ikazizira, masulani pulagi muone nsonga yake.

Nsonga yofanana ndi tiyi wamkaka ikusonyeza kuti zonse zili bwino. Ikakhala ndi mwaye wakuda wouma, petulo wachuluka. Musanakhudze kabuleta, tsukani sefa ya mpweya, pakuti fumbi la m'misewu yathu limaitseka msanga, ndipo onetsetsani kuti tchoki sinasiyidwe yotseka. Nsonga yoyera mbee ndiyo yoopsa: petulo wachepa, injini ikutentha kwambiri, ndipo pisitoni ikhoza kubooka. Fufuzani jeti yotsekeka kapena mpira wong'ambika pakati pa kabuleta ndi injini. Pulagi yonyowa ndi oyilo imaloza ku maring'i okutha, osati ku kabuleta.

Kumbukiraninso kuti kumapiri mpweya umapepuka. Njinga yochunidwa ku Nsanje ikhoza kudetsa pulagi ikasamukira ku Dedza.

Sikuluu ya mpweya imakonza kulira kwa injini pamene njinga yaima basi, ipotokoleni pang'onopang'ono. Kusintha jeti asiyireni amakaniko odziwa. Mtengo wa pulagi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa pisitoni.