Kaputeni Kirk analakwa, McCoy ndiye ananena zoona

Akonzi,

Nane ndikufuna kuikapo mlomo pa mtsutso womwe wabuka pa tsamba lino wokhudza sewero lakale la pa kanema lija la Star Trek. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ndikuyankha kalata ya bambo wina wa ku Lilongwe yomwe munatulutsa masabata awiri apitawa. Bambowa analemba kuti Kaputeni Kirk ndi mtsogoleri yemwe sanaphonyepo pogamula nkhani, ndipo anapereka chitsanzo cha gawo lotchedwa "A Private Little War" momwe Kirk anaganiza zopereka mfuti kwa anthu a kumapiri. Anaonjezanso kuti Dokotala McCoy, yemwe anatsutsa maganizowo, anali munthu wamantha wongodziwa kudandaula. Ine ndikukanitsitsa, ndipo mundikhululukire ngati kalata yanga italikeko pang'ono.

Poyamba ndithandize awerengi omwe seweroli sanalionepo. Star Trek inayamba kuonetsedwa ku America pa kanema wa NBC pa 8 September 1966 ndipo inatha mu 1969 itakwana zigawo 79. Anaiyambitsa ndi Gene Roddenberry. Nkhani yake ndi ya chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Enterprise, chonyamula anthu oposa 400, chomwe chili pa ulendo wa zaka zisanu woyendera maiko akutali ozungulira nyenyezi zina. Mkulu wa chombocho ndi Kirk, wachiwiri wake ndi Spock, ndipo McCoy ndi dokotala. Ife kuno tinalibe kanema wathuwathu mpaka 1999, choncho ine ndinaliona koyamba pa matepi a vidiyo omwe mlamu wanga anabwera nawo pochokera ku maphunziro ku Mangalande. Kuyambira nthawi imeneyo ndalibwereza kambirimbiri, ndiye ndikulankhula ngati wolikonda osati wolinyoza ayi.

Gawo tikukanganiranali linaonetsedwa pa 2 February 1968. Kirk afika pa dziko lotchedwa Neural komwe anakhalako zaka 13 m'mbuyomo adakali mnyamata, ndipo anasiyako bwenzi lake Tyree. Pa nthawiyo anthu a kumeneko, a kumapiri ndi a m'midzi omwe, ankakhala mwamtendere, uta ndi mivi zili zosakira nyama basi. Pobwerera apeza a m'midzi ali ndi mfuti za gogodera, akubisalira a kumapiri kuti awaphe. Spock aomberedwa tsiku lomwelo ndipo atsala chigonere m'chombo akusamalidwa ndi Dokotala M'Benga. Kirk ndi McCoy afufuza usiku m'mudzimo napeza chipala chosulira mfuti komanso umboni woti amene akupereka luso ndi zipangizo ndi a Klingon, adani a dziko la Kirk, omwe akufuna kulamulira Neural kudzera mwa mfumu ya m'mudzimo, Apella.

Apa mpomwe pagona mtsutso wathu. Kirk akuti njira ndi imodzi yokha: a kumapiri apatsidwe mfuti zofanana ndendende ndi za a m'midzi, ndipo a Klingon akapereka zoposerapo, nayenso apereka zoposerapo, kuti pasakhale mbali yoposa inzake mphamvu. Akupereka chitsanzo cha nkhondo za ku Asia za m'zaka za m'ma 1900, ndipo aliyense woonera ku America ankadziwa kuti akunena za Vietnam, pakuti sabata yomweyo nkhondo inali itafika povuta kumeneko ndi chiwembu cha Tet, asilikali a America ali pafupifupi theka la miliyoni m'dzikomo. McCoy akumukumbutsa kuti nkhondo imeneyo inangopitirira chaka ndi chaka magazi akukhetsedwa. Kirk atamufunsa kuti nanga iye yankho lake ndi lotani, McCoy akuvomera kuti alibe, koma akuti kugawa mfuti sikungakhale yankho.

Bambo a ku Lilongwe agwira pamenepa, akuti munthu wopanda yankho akhale chete. Ndikuvomereza kuti funso la Kirk ndi lolemera. Mnzako akuphedwa iwe uli ndi chomutetezera, kupinda manja n'kovuta, ndipo sindikunena kuti Kirk anali munthu woipa mtima. Koma ndili ndi zifukwa zitatu zomwe ndikunenera kuti analakwa.

Choyamba, amene akuyeza mphamvuzo si amene adzakhale pamalopo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kirk akangomaliza kulankhula akwera chombo chake kupita kwina, sabata yamawa ali pa nkhani ina. Nanga mfuti 100 zimenezo wonga wake uzichokera kuti? Zikathyoka akonze ndani? A Klingon analonjeza kale Apella mfuti zoombera patali kuposa zoyambazo, ndiye kuti chaka chamawa Tyree adzayang'ananso kumwamba kudikira chombo. Anthu omwe ankadzidalira pa zonse asanduka opempha zida kwa alendo, ndipo wokupatsa mfuti ndiye amakuuza koloza. Bambowa analemba kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Zoona, koma kalumo ka m'mwambimo n'kometera, eni mudzi natsala akuoneka bwino. Aka n'kosiyira ana kuti azichekana nako.

Chachiwiri, mfuti imasintha munthu woigwira, ndipo seweroli likutionetsa zimenezi poyera. Apella akuuza m'Klingon uja kuti poyamba ankaganiza kuti anthu ake atopa nako kupha koma tsopano akukukonda, chifukwa kulanda n'kosavuta kusiyana ndi kusinthanitsa malonda. Tyree analumbira kuti sadzapha munthu, ndipo pophunzitsidwa kuombera anachita monyinyirika. Mkazi wake Nona, yemwe anachiritsa Kirk ndi mankhwala a zitsamba atalumidwa ndi chilombo, ndiye ankafunitsitsa zida. Iye anaba mfuti yamphamvu ya Kirk mwiniyo napita nayo kwa a m'midzi, ndipo anamubaya mpaka kufa. Imfa imeneyi inabwera chifukwa cha chida cha mlendo chomwe chinalowa m'dziko la eni. Pamapeto tikuona Tyree yemwe uja akuphwanya munthu ndi mwala, kenaka akupempha mfuti zambiri kuti akaphe onse. Tsono ndifunse, Kirk anapulumutsa chiyani? Ankafuna kuteteza mtundu wa anthu amtendere, koma pomwe amachoka mtundu umenewo kunalibenso.

Chachitatu, si zoona kuti njira inali imodzi. Kirk ndi McCoy anali ndi umboni m'manja woti a Klingon akuphwanya pangano la mtendere. Bwanji sanautengere kwa akuluakulu ake kuti a Klingon akaumirizidwe kuchoka? Bwanji sanayese n'komwe kukhala pansi ndi Apella kumuuza kuti akugwiritsidwa ntchito ngati khasu la mwini? Kirk yemweyu amadziwa njira zina. M'gawo la "Arena" la mu 1967 anapanga mfuti ndi nsungwi, makala, sulufule ndi miyala, nagwetsa mdani wake Gorn, koma anakana kumutsiriza pozindikira kuti mwina mdaniyo ankangoteteza malire a kwawo. M'gawo la "The Devil in the Dark" la chaka chomwecho anatsitsa mfuti pamaso pa chilombo chomwe chinapha anthu a mumgodi okwana 50, ndipo kunapezeka kuti chinali mayi woteteza mazira ake omwe anthuwo ankaswa mosadziwa. Ku Neural kokha ndiko anathamangira zida. Chifukwa chake chikuoneka m'gawo lomwelo: ankaopa kuti akalimbana ndi a Klingon maso ndi maso pabuka nkhondo yaikulu. Ndiye kuti pofuna kupulumutsa ana a kwawo anasankha kuti nkhondoyo imenyedwe ndi ana a eni, kutali, mwakachetechete. Dzina la gawolo likunena za kankhondo kakang'ono, koma kuchepa kwake n'kwa woonera ali m'chombo.

Akonzi, mwina mudabwa kuti nkhalamba ngati ine ikupseranji mtima pa sewero. Mu 1986 ndinkaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Lizulu, komwe msewu waukulu wa pakati pa Ntcheu ndi Dedza umayenda m'malire enieni. Tsidya lina la msewu ndi Angonia, ku Mozambique. Ndinaona ndi maso angawa anthu akuoloka msewuwo miphika pamutu, ana kumsana, ena akukoka mbuzi imodzi yomwe inatsala, akulankhula chinenero chathu chomwechi, ena a iwo abale athu a magazi. Sitolo za tsidyalo zinatsala mabwinja opanda madenga. M'kalasi mwanga munadzaza ana okhala pansi, ndipo chitseko chikamenyetseka ndi mphepo ena ankadzigwetsa chafufumimba. Mayi wina yemwe tinamupatsa malo kuseri kwa nyumba yathu anali ndi ana aamuna awiri, wina anatengedwa ndi mbali iyi, wina anali msilikali wa mbali inayo. Usiku uliwonse ankapempherera onse awiri, osadziwa kuti apemphe kuti apambane ndani.

Nkhondo imeneyo inayamba mu 1977 ndipo inatha mu 1992. Renamo inathandizidwa ndi boma la azungu la Rhodesia, kenaka la South Africa, pomwe boma la Frelimo linkalandira zida kuchokera ku Soviet Union ndi anzake. Sindikunena kuti eni dziko analibe zifukwa zawozawo zokanganirana, koma mfuti zinkachokera kunja, ndipo aliyense wopereka anali ndi chifukwa chomveka bwino m'makutu mwake ngati cha Kirk. Zotsatira zake anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, ndipo oposa miliyoni anathawira kuno ku Malawi. Palibe mbali inagonjetsa inzake. Kufanana mphamvu komwe bambo a ku Lilongwe akukuyamikira ndi kumeneku: zaka 15 za maliro.

Nanga inatha bwanji? Inatha pokambirana. Anthu a mpingo a gulu la Sant'Egidio ku Rome pamodzi ndi ena anakhazika pansi mbali ziwirizo kwa zaka zoposa ziwiri, mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano pa 4 October 1992. Ngakhale zinatero zida sizinachoke ndi siginecha. Mu 1995 mipingo ya ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inayamba ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mabomba okwirira pansi anapitirira kudula miyendo ya alimi ndi ana, ndipo dzikolo linalengeza kuti lamaliza kuchotsa odziwika mu 2015, patatha zaka 23. Kupereka mfuti ndi ntchito ya tsiku limodzi, kuzitolera n'kwa mbadwo wathunthu. Izi McCoy ankazidziwa chifukwa iye ndi amene amasoka mabala. Munthu wonena kuti sindikudziwa mankhwala ake koma awa ndi poizoni si wamantha, ndi dokotala woona mtima.

Tsono wina asaganize kuti ndataya chikondi pa Star Trek. Gawo limeneli ndi limodzi mwa omwe ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa silinamiza woonera. Kumapeto kulibe kuseka kuja komwe zigawo zambiri zimathera. Kirk afunsa injiniya wake Scotty kuti zingamutengere nthawi yaitali bwanji kupanga mfuti 100, ndipo Scotty atadabwa, Kirk mwiniyo azitcha mfutizo njoka zokaponya m'munda wa Edeni. Munthu wokhulupirira kuti wachita bwino salankhula choncho. Sitionetsedwanso mfutizo zikutsitsidwa, nkhani ingothera pomwepo kuti aliyense akaganize kunyumba kwake. Ngakhale olemba ake sanagwirizane: Don Ingalls yemwe anayamba nkhaniyi sanakondwe ndi momwe Roddenberry anaisinthira, mpaka anachotsapo dzina lake naikapo lopeka la Jud Crucis. Ngati eni ake anasiyana maganizo, ife tinganene bwanji kuti Kirk sanaphonyepo?

Sewero lomwe linaika mayi wachikuda, Nichelle Nichols, pa udindo m'chombo mu 1966 ndi dzina loti Uhura, lochokera ku liwu la Chiswahili lofanana ndi lathu lija la ufulu, silinapangidwe kuti tizingoombera m'manja kaputeni. Linapangidwa kuti tizifunsa mafunso, ngakhale kwa kaputeni yemweyo. Tikamutenga Kirk ngati wosalakwa ndiye kuti taonera zithunzi zokha, phunziro latidutsa.

Pomaliza ndikupempha bambo a ku Lilongwe kuti aonerenso gawoli modekha, maso awo akhale pa nkhope ya Tyree osati ya Kirk, kenaka adzatiuze pa tsamba lino ngati maganizo awo ali pomwepo. Akadzadutsa pa Lizulu aime pang'ono pogula mbatata ya kachewere, afunse achikulire a pamenepo zomwe anaona. Achinyamata omwe amati sewero lakaleli n'losasangalatsa chifukwa miyala yake ikuoneka kuti ndi yamapepala, nawonso alione, pakuti maiko amphamvu sanasiye kugawa zida kwa osauka. Makolo athu anati nkhondo simanga mudzi, ndipo sanaonjezepo kuti pokhapokha mfuti zikafanana.

Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu.