Ku Lilongwe amalipira kuti ana ayende m'tchire, ife tili nalo pakhomo

Pakati pa Old Town ndi City Centre mumzinda wa Lilongwe pali nkhalango imene sinadulidwe, ngakhale mzindawu wakhala ukukula kuchokera pamene unasanduka likulu la dziko mu 1975. Mtsinje wa Lingadzi umadutsa momwemo, ndipo muli malo otchedwa Lilongwe Wildlife Centre. Loweruka ndi Lamlungu mabanja ochokera ku Area 10, Area 43 kapena Area 47 amapitako ndi ana, kulipira pachipata, n'kumayenda pansi m'tinjira ta m'nkhalangomo. Akuona chiyani? Mitengo, apusi, mbalame ndi madzi oyenda. Basi.

Ife a kunyanja tikamva zimenezi timaseka. Munthu kulipira ndalama kuti aone pusi, yemweyu amatithera chimanga kumundayu? Koma tisafulumire kuseka. Anzathuwa azindikira kuti mwana wokulira mumpanda wa njerwa, wochoka pakhomo pa galimoto n'kubwera pa galimoto, amakula osadziwa kuti nsima imachokera kudothi. Akuyesa kugula ndi ndalama chimene ife Allah anatipatsa chaulere. Funso n'lakuti, ana athu akuchilandira?

Ambiri munena kuti ana a kumudzi amayenda kale mokwanira: kumjigo, kunkhuni, kusukulu, kumadrasa. Zoona. Koma kutumidwa ndi kuyenda ndi munthu wamkulu n'zosiyana. Mwana wotumidwa amathamanga, maso ali pa ndowa. Amadutsa pansi pa mtengo wa msangu tsiku lililonse, osadziwa chifukwa chake agogo ake anausiya pakati pa munda. Palibe anamuuza kuti msangu umayoyola masamba nthawi ya mvula, choncho suphimba chimanga, ndipo masambawo ndi manyowa. Tsiku limene mundawo udzakhale wake, adzaona makala okhaokha.

Maganizo anga ndi awa: kamodzi pa sabata, tikatha swala ya Asr, dzuwa litapepa, bambo kapena mayi, agogo kapena amalume atenge ana azungulire nawo mudzi. Ola limodzi likwana, n'kubwerera Maghrib isanakwane. Sipafunika kwacha ngakhale imodzi.

Yambirani pamzikiti, mupereke salamu kwa aliyense wokumana naye, ana aphunzire kuti uyu ndi azakhali, uyu ndi mwini mbumba. Pitani kumunda, muwaonetse malire: chulu ichi, mlambe uwo, khwawa ilo. Milandu ingati ya malo imene imafika kwa amfumu chifukwa amene ankadziwa malire anamwalira osauza munthu? Ndipo tonse tikuona momwe magombe a ku Salima ndi ku Mangochi akugulidwira ndi omanga malo ogona alendo. Mwana amene sanapondepo dothi la makolo ake limodzi ndi makolowo savutika mtima kuligulitsa.

Tsikirani kudoko. Muwaonetse mabango, muwauze kuti m'malo osaya ngati amenewo ndi mmene tiana ta nsomba timabisala, ndiponso kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa. Mwana amene wamva zimenezi adzamvetsa yekha chifukwa chake nyanja imatsekedwa nthawi yoswana, ndi chifukwa chake kukokera neti ya udzudzu m'mphepete ndi kuba chakudya cha mawa. Muwafotokozere za chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene a Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambiri, mwa lamulo la mudzi. Aloze kumene mwera umachokera ndi kumene mpoto umachokera. Msodzi wosadziwa mphepo amasiya ana amasiye.

Ena adzati kunyanja kuli ng'ona, mvuu ndi likodzo. Ndiye chifukwa chake muyenera kupita nawo inuyo. Mukapanda kutero adzapita okha ndi anzawo. Kuli bwino amve kwa inu kuti pamadzi odekha a nkhono sasambapo, ndi kuti madzulo samayandikira pamabango okhaokha.

Ndipo atsikana asatsale pakhomo kutsuka mbale. Ndi iwo amene mawa adzayanike usipa pathandala, kulima dimba ndi kuwerengera ndalama za banja.

Tili ndi ana ambiri amene akukhala kwa abale ku Lilongwe chifukwa cha sukulu. Abale athu a kumeneko, udindo ndi womwewu. Ngati ya pachipata cha nkhalango palibe, tulukani mumzikiti wa ku Old Town mukatha Jumu'a, muyende nawo pansi mpaka mumsika kumene amagulitsa usipa, utaka ndi kampango wowamba. Muwauze kuti nsombayi yayenda makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima, ndipo wina sanagone usiku kuti ifike pamenepo. Muime nawo pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe aone zinyalala ndi mapulasitiki. Madzi amenewo amakathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja yathu. Mwana adziwe kuti jumbo imene wataya mutauni ikhoza kukapezeka kwawo.

Chisilamu chimatiphunzitsa kuti ana ndi amana, chosungitsa chimene tidzafunsidwa, ndiponso kuti kubzala mtengo ndi kuchotsa munga panjira ndi sadaka. Izi ana amazimva kumadrasa, koma amazigwira akaona bambo awo akuwerama kuchotsa mungawo. Kuongola mtengo n'kuli waung'ono. Lachisanu likubwerali, Insha Allah, foni itsale m'nyumba, mugwire mwana padzanja, mumuonetse kwawo.