Chimbale cha Dell sichidziwa HP: za Windows wa fakitale ndi wa m'sitolo

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwathu ndipo lero muli ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Joni, tikambirane nkhani ya zimbale za Windows. Imaoneka yaing'ono, koma ndi imene yagoneka makompyuta abwinobwino m'zipinda zosungira katundu m'sukulu zathu, kuno kwa Chiwalo ndi m'madera ena a Phalombe. Kompyuta ikadwala, tonse timadziwa mankhwala amodzi: ifomatidwe. Akafomata, funso limabwera mochedwa. Chimbale chili kuti, nanga kiyi ndi iti?

Windows amafika kwa munthu m'njira ziwiri zikuluzikulu. Woyamba ndi amene amabwera ali kale m'kompyuta kuchokera kufakitale ya Dell, HP, Lenovo ndi ena, ndipo amatchedwa OEM. Wachiwiri ndi wogula payekha m'bokosi, wa retail. Mukawayatsa onse awiri simuona kusiyana, Windows wake ndi yemweyo. Kusiyana kuli pa chilolezo. Laisensi ya OEM inakwatiwa ndi makina amene inafikiramo, makamaka motherboard yake, ndipo siloledwa kusamuka. Makinawo akafa, nayonso yapita. Ya retail ndi yanu. Mutha kuichotsa pa kompyuta yakale n'kuiika pa yatsopano, bola isakhale pa makina awiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake ndi yodula. Komanso zikavuta, wa retail amathandizidwa ndi Microsoft, pamene wa OEM amauzidwa kuti apite kwa amene anapanga kompyutayo. Kwa ife a kuno, kunena zoona, onse awiriwo ali kutali mofanana.

Zimbale zakenso n'zosiyana, ndipo apa ndi pamene ambiri timapunthwa. Chimbale cha fakitale chinapangidwira makina a kampani imeneyo. Chikamalowa chimayang'ana chizindikiro chimene kampaniyo inabisa mu BIOS. Chikachipeza, Windows amadzitsimikizira yekha, osafunsa kiyi, osafuna intaneti. Chikapanda kuchipeza, china chimakaniratu, china chimalowa bwinobwino kenako n'kuyamba kukuwerengerani masiku. Pa Windows XP anali masiku 30. Ndiye mphunzitsi amabwereka chimbale cha Dell kusukulu yoyandikana, akufuna kuukitsa HP, amatha Loweruka lonse, n'kumaliza ndi mawu akuti "kompyutayi yatha." Sinathe ayi. Mwaipatsa chakudya cha mnzake.

Pa XP zinali zovuta kwambiri chifukwa kiyi nayonso inkasankha chimbale. Kiyi ya zilembo ndi manambala 25 ija yolembedwa pa sitika ya m'mbali mwa makina inkakanidwa ndi chimbale cha retail, ngakhale zonse zili zenizeni. Pofika Windows 7 mu 2009 zinali zitapepukako: chimbale chilichonse cha mtundu wofanana chinkalandira kiyi ya pa sitika, kungoti Professional apite kwa Professional, Home kwa Home. Kuyambira Windows 8 mu 2012 makampani aakulu anasiya kulemba kiyi pa sitika, anayamba kuiika m'kati mwa motherboard. Amene mukufunafuna manambala pansi pa laputopu yatsopano, lekani, mulibe.

Chimbale cha fakitale chili ndi ubwino umodzi umene sitiyenera kuunyoza kuno kumudzi. Nthawi zambiri chimabwera ndi madiraiva a makinawo, kapena chimbale chinzake cha madiraiva. Amene anaikapo Windows woyera n'kupeza kuti mawu sakumveka, netiweki kulibe, ndipo diraiva wa netiwekiyo akufunika kumutenga pa intaneti yomweyo, akudziwa zimene ndikunena. Kuipa kwake, zimbale zambiri zobwezeretsa zimasesa hard disk yonse osafunsa kawiri, mayeso a Fomu 4 ndi magiredi omwe, n'kukubweretserani timapulogalamu ta malonda timene simunapemphe.

Tsono maganizo anga ndi awa. Sukulu isataye ndalama kugula Windows wa retail wa makina amene anabwera kale ndi laisensi yake. Makompyuta ambiri amene amafika m'sukulu za m'Malawi ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja. Ena amadzera m'mabungwe monga The Turing Trust ya ku UK imene inagwirapo ntchito ndi Centre for Youth and Development ku Mzuzu, ena ndi mphatso za mipingo, ena tinagula tokha m'mashopu a ku Limbe. Kulikonse kumene achokera, tsiku lolandira timatanganidwa ndi nyimbo ndi zithunzi, ndipo palibe amene amafunsa funso lofunika: makinawa ali ndi chiyani m'kati, ndipo chilolezo chake chili kuti? Funso limeneli si lamwano. Makampani a kunja amagwiritsa ntchito laisensi za gulu, ndipo akamataya makina amafufuta zonse, laisensi ya gulu ija n'kutsala kwawo. Chotsala ndi cha fakitale chija basi, ngati chilipo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti timasamala chinthu cholakwika. Chimbale timachitsekera mu kabati ya ahedi ngati satifiketi, pamene sitika imene ili ndi kiyi ikufufutika ndi fumbi, ana akuikanda ndi bolopeni. Chimbale masiku ano si kanthu. Microsoft imalola aliyense kutenga Windows pa tsamba lake kwaulere n'kumuika pa fulashi ya 8 GB. Chimene simungatenge kwaulere ndi chilolezo. Kope limodzi la masamba 40 lingakwane: nambala ya makina, mtundu wa Windows, kiyi ngati ilipo, tsiku. Tili ndi kaundula wa madesiki ndi wa mabuku, wa izi tilibe.

Ndikudziwa ena mwa inu mutsutsa, ndipo mfundo yanu ndi yomveka. Kuno makina safa ndi ukalamba. Amafa ndi mphenzi, magetsi othimathima, jenereta, ndi madzi monga tinaonera ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Chimene chimapsa kawirikawiri ndi motherboard, ndiye kuti laisensi ya OEM yapsera limodzi. Zoona. Kwa mphunzitsi amene akudzimangira kompyuta yake pang'onopang'ono, lero motherboard, mawa hard disk, retail ndi yanzeru. Koma kwa labu ya makina 20, ndalama ya mabokosi 20 a retail ndi bwino igule zotetezera magetsi ndi UPS, kuti motherboardyo isapse n'komwe.

Palinso china chimene chasintha nkhani yonse. Microsoft inasiya kusamalira XP pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Khomo lokwezera kiyi ya Windows 7 kupita ku 10 mwaulere linatsekedwa mu 2023. Windows 11 amafuna TPM 2.0 ndi purosesa ya zaka zaposachedwa, zimene makina athu ambiri a mphatso alibe. Choncho ngakhale mutagula retail lero, m'makina akalewo salowa mwa njira yake. Apa ndi pamene mnyamata wa pamsika amafika ndi fulashi yake ya "Windows aliyense" ndi kapulogalamu kothyola loko. Ndimamumvetsa, nayenso akusaka ya sopo. Koma fulashi imeneyo yadutsa m'makompyuta angati, ndipo yanyamula mavairasi angati? Ndipo ife tomwe timaphunzitsa ana za umwini wa mapulogalamu mu Computer Studies, pa makina amene pakona pake palembedwa kuti Windows uyu si weniweni.

Makina amene ali ndi laisensi yake ya Windows 7 kapena 10 ndipo salumikizidwa pa intaneti, asiyeni agwire ntchito, ana aphunzirepo kutaipa ndi spreadsheet, kungoti muletse mafulashi achilendo. Amene alibe chilolezo chilichonse, aikeni Linux Mint kapena Ubuntu pamodzi ndi LibreOffice. N'zaulere mwalamulo, ndipo fulashi imodzi imakwanira labu yonse, Dell ndi HP omwe. Ana a Fomu 4 okonzekera mayeso a MANEB muwapatse makina a Windows aja kuti azolowere, a Fomu 1 ndi 2 ayambire pa enawo.

Inu a ku Joni amene mumatitumizira malaputopu, zikomo kwambiri, musaleke. Koma musanapereke ndalama kwa wogulitsa, tsegulani Settings, pitani pa Activation, muone zimene zalembedwa, ndipo mufunse ngati makinawo angalandire Windows 11. Mukatumiza, tumizani ndi chaja yake.