Abusa, Timvereni Ife Amayi a Lachinayi

Abusa athu ndi inu akulu a mpingo, nkhaniyi takhala tikuing'ung'udzira pamafuwa tikamaphika kumaliro, lero tati ikufikeni.

Ndife amayi a ku Chilobwe, ambirife amasiye. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope anakokolola nyumba zathu, enafe amuna ndi ana omwe. Munabwera kumsasa, munapemphera nafe, munatibweretsera ufa ndi zofunda. Zimenezo sitidzaiwala. Koma misasa itatsekedwa, mapazi anu anasiya kuoneka, ndipo chimene chinatilondola kunyumba zalendi ndi envulopu ya chopereka.

Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mafuta ophikira anakwera mpaka mandasi anasiya kubweza mpamba. Lero wina amaphwanya miyala, wina amachapa zovala kumayadi, madzulo n'kugula kajumbo ka ufa kongokwanira nsima imodzi. Komabe Lamlungu mayina athu amawerengedwa kutsogolo: uyu sanamalize lonjezo, uyu sanasonkhe ya nyumba ya abusa. Mnzathu wina, amene sanajombepo kusesa m'tchalitchi, anakatenga katapila kuti dzina lake lisatchulidwenso. Akatapila anadzanyamula mbaula ndi mapoto ake. Wina anasiya kubwera Lachinayi chifukwa bulauzi yake yoyera inapita ndi madzi, ndipo amayi apampando anamuuza kuti wopanda yunifomu azikhala kumbuyo.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi ichi. Mwamuna akamwalira, abale ake amabwera ndi galimoto nkhata zisanafote pamanda. Amatenga matiresi, makina osokera, ngakhale malata. Ena mwa olandawo ndi anthu amene timadya nawo Mgonero. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda kotere ndi mlandu, koma ife sitinalimvepo pa guwa. Tikakudandaulirani mumati, "Amayi, pirirani, ndi za pabanja." Nanga mtsikana akatenga mimba, bwanji bwalo la mpingo limakhala sabata yomweyo?

Ifenso Baibulo timawerenga. Pa Machitidwe 6 amasiye ataiwalidwa pogawa chakudya, atumwi sanawauze kuti apirire. Mpingo unasankha amuna asanu ndi awiri, Stefano ali pomwepo, kuti aone za nkhaniyo.

Sitikupempha kuti mutidyetse, manja tili nawo. Lekani kuwerenga mayina a olephera kupereka. Pa ndalama zimene amayi timasonkha, patulani gawo likhale mpamba wa banki mkhonde yathu, tiziisunga tokha ndi buku lathu. Ndipo tsiku limene galimoto ija idzaimenso pakhomo la wamasiye, mkulu wa mpingo mmodzi adzavale jekete, adzatiperekeze kwa amfumu ndi kupolisi.

Ndife ana anu,
Amayi a Lachinayi